Buster Keaton ndi ntchito ya kugwa

Munthu ameneyu ndinamudziwa chafutambuyo. Anthu ambiri amayamba kumuona ali mnyamata, khoma la nyumba likumugwera, koma ine ndinayamba kumuona ali nkhalamba. Kanali kakanema kafupi pa YouTube, kopanda mitundu, kochokera mu pulogalamu ya ku America ya Candid Camera, ija amabisa kamera n'kumajambula anthu osadziwa kanthu. Mkulu wina wakhala m'lesitilanti, mbale ya supu ili patsogolo pake. Ayetsemula, wigi imene wavala igwera mu supu muja. Iye osadzidzimuka, osayang'ana uku ndi uku, angoivuula ngati ndi chinthu chimene chimachitika tsiku lililonse. Amene akhala pafupi naye akulimbana ndi phwete, akuopa kuchititsa manyazi munthu wamkulu. Ndinakabwereza kakanemako kangapo, ndipo chimene chinandigwira mtima si wigi ija ayi, koma manja a mkuluyo. Anali manja a munthu wodziwa ntchito yake. Palibe chala chimene chinkayenda pachabe.

Pambuyo pake m'pamene ndinadziwa kuti mkuluyo anali Buster Keaton, wanthabwala wotchuka wa ku America wa nthawi ya mafilimu osalankhula, ndiponso kuti olemba mbiri yake ambiri amaona zaka zimenezi, zaka za pa TV ndi zotsatsa malonda, ngati zaka zomvetsa chisoni za katswiri amene dziko linamutaya. Ine sindigwirizana nawo, ndipo n'chifukwa chake ndakhala pansi kulemba.

Joseph Frank Keaton anabadwa pa 4 Okutobala 1895 m'kamudzi kotchedwa Piqua ku Kansas. Sikunali kwawo. Makolo ake, a Joe ndi a Myra Keaton, ankangodutsa, chifukwa ankayenda ndi gulu lina la anthu ogulitsa mankhwala a m'mabotolo, amene ankakopa anthu ndi nyimbo ndi nthabwala asanayambe kutsatsa katundu wawo. Mwana anabadwira panjira, ndipo anakulira panjira. Dzina loti Buster, iye mwini ankakonda kunena kuti anamupatsa ndi wamatsenga wotchuka Harry Houdini atamuona akugubuduzika pa masitepe ali khanda n'kudzuka bwinobwino.

Kuti timvetse kumene anachokera, tiyenera kudziwa chimene chinkatchedwa vaudeville. Wailesi kunalibe, TV kunalibe, mafilimu anali asanakhwime. Munthu wa ku America akafuna chisangalalo ankalipira pakhomo la holo n'kuonera chionetsero cha zigawo zambiri zosagwirizana: woimba, kenako wovina, kenako wamatsenga, agalu ophunzitsidwa, anthu odumpha pa zingwe, anthabwala. Gulu lililonse linkapatsidwa mphindi khumi kapena makumi awiri. Maholo ankakhala m'manja mwa makampani akuluakulu monga Keith-Albee kum'mawa ndi Orpheum kumadzulo, ndipo wazisudzo ankayenda pa sitima kuchoka tauni iyi kupita ina, sabata ndi sabata. M'maholo apamwamba ankasewera kawiri pa tsiku, m'maholo ang'onoang'ono kangapo. Ubwino wake unali woti oonera ankasintha pomwe sewero silinkasintha. Munthu ankatha kudyera sewero limodzi la mphindi khumi ndi zisanu kwa zaka khumi, akulisema ndi kulipala usiku uliwonse mpaka litasalala ngati mpini wakale. Ngati anthu a ku Boston sanaseke pamalo pena, ku Philadelphia ankayesa kuchedwetsa dzanja pang'ono. Oonera ndiwo anali aphunzitsi, ndipo anali aphunzitsi osanyengerera.

Buster analowa m'sewero la makolo ake asanakwanitse zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo gululo linadziwika kuti The Three Keatons. Sewero lake linali lotere: bambo akuuza anthu mmene mwana ayenera kuleredwera, mwana kumbuyoku akuchita mwano, bambo apsa mtima n'kumugwira n'kumuponya. Kumuponya kwenikweni. Ankamumenyetsa ku makatani ndi matabwa a kumbuyo kwa siteji, ankamuponyera kumene kumakhala oimba ng'oma ndi malipenga, ankamugwira miyendo n'kukolopa naye pansi. Mu jekete la mwanayo anasokereramo chogwirira cha sutikesi kuti bambo azimunyamula bwino. Mayi ake ankaimirira pambali akuimba saxophone. Anthu ankaseka mpaka misozi.

Pamenepa ndimaima nthawi zonse. Ndili ndi ana, ndipo sindingathe kuwerenga za chogwirira cha sutikesi chija mtima uli m'malo. A bungwe loteteza ana la ku New York, limene anthu ankalitcha Gerry Society, nawonso sanakhale chete. Anawalondola a Joe Keaton kwa zaka zambiri, kangapo konse mwanayo anatengeredwa kwa akuluakulu a boma kukamuvula malaya kuti aone ngati ali ndi mabala, ndipo sankawapeza. Buster mwiniwake, mpaka kumwalira kwake, ankakana kuti bambo ake ankamuzunza. Ankati anaphunzitsidwa kugwa: kulefula thupi, kusaumitsa msana, kulandira nthaka ndi phazi kapena dzanja, mutu osafika pansi. Ankati kunali kusewera, ndipo ankakukonda. Ndimamukhulupirira, komabe ndikudziwanso kuti mwana amene ndiye akudyetsa banja sakhala ndi mpata wonena kuti watopa. Sukulu, malinga ndi mmene ankafotokozera iye mwini, analowako tsiku limodzi lokha. Kuwerenga ndi kulemba anamuphunzitsa ndi mayi ake m'zipinda za m'mahotela ndi m'sitima.

Nkhope yake yotchuka ija, yosamwetulira, imene pambuyo pake inamupatsa dzina la Nkhope Yamwala, inachokeranso pamenepa. Anazindikira ali wamng'ono kuti akaponyedwa n'kudzuka akuseka, anthu ankaseka pang'ono, koma akadzuka ali duu ngati wodabwa ndi dziko, holo yonse inkagwedezeka. Ndiye anasiya kuseka pa siteji. Amene amati nkhopeyo ndi yopanda kanthu sanamuyang'ane m'maso. Maso ake amayenda, amawerengera mtunda, amafunsa, amadandaula. Milomo yokha ndiyo inatsekedwa.

Sewero la kuponyana limafuna woponya amene mutu wake uli bwino. A Joe atayamba kumwa kwambiri, ndipo mwana atakula n'kulemera, ngozi inayandikira. Kumayambiriro kwa 1917 Buster ndi mayi ake anawasiya bambowo ku California, gulu n'kutha. Koma taonani chimene anachita atapeza dzina ndi ndalama: anawaitana bambo ake n'kuwapatsa mbali m'mafilimu ake angapo, ndipo anasamalira makolo ake, mng'ono wake Harry ndi mlongo wake Louise kwa zaka zambirimbiri. Sanawataye.

Atafika ku New York ali ndi zaka 21, anapeza ntchito nthawi yomweyo m'chionetsero chachikulu cha a Shubert, eni maholo a zisudzo, malipiro ake madola 250 pa sabata. Asanayambe n'komwe, anakumana ndi Roscoe Arbuckle, wanthabwala wonenepa amene panthawiyo anali mmodzi wa akatswiri a mafilimu oseketsa, ndipo anapita kukaona mmene amajambulira. Tsiku lomwelo anamuika mu filimu ya The Butcher Boy. Analowa m'sitolo ngati kasitomala wodzagula manyuchi, ndalama yake ili pansi pa kandowa kamene athiramo kale manyuchiwo, kenako chipewa chimumatirira kumutu, nsapato imatirira pansi, thumba la ufa limumenya kumaso mpaka miyendo m'mwamba. Madzulo anapempha kamera, anapita nayo kumene ankagona, anaimasula yense n'kuimanganso kuti amvetse mmene imagwirira ntchito. Anasiya madola 250 aja n'kuvomera madola 40 pa sabata.

Nkhani ya kamerayi imandiuza zambiri kuposa ina iliyonse. Keaton sankadziona ngati munthu waluso lapamwamba ayi. Anali mmisiri, wokonda makina, wokonda kudziwa kuti chitsulo ichi chikakankha icho chimachitika n'chiyani. Ngakhale chipewa chake chophwatalala chija ankachipanga yekha: ankagula chipewa wamba, n'kuchidula, n'kuumitsa m'mphepete mwake ndi madzi a shuga.

Atabwerako ku France, kumene anapita ngati msilikali mu 1918 ndipo anadwalako khutu mpaka kumva kwake kunachepa, Joseph Schenck, mwini kampani imene inkapanga mafilimu a Arbuckle, anamupatsa studio yakeyake mu 1920. Zaka zisanu ndi zitatu zotsatira ndizo zimene dziko limamukumbukira nazo. Anapanga mafilimu aafupi 19, kenako aatali khumi, ali ndi gulu lake la anthu omwewomwewo. Analibe sewero lolembedwa mwatsatanetsatane. Ankadziwa poyambira ndi pothera, zapakati ankazipeza akugwira ntchito, ndipo nzeru zikauma ankasiya kamera n'kukasewera baseball mpaka wina atatulukira kanthu.

Chizolowezi cha vaudeville chomvera oonera sanachisiye. Pamene ankaonetsa Seven Chances kwa anthu ochepa isanatuluke mu 1925, anamva anthu akuseka pamalo amene iye sanayembekezere: akuthamanga kutsika phiri anagunda mwala mwangozi, ndipo timiyala tingapo tinayamba kumutsatira. Anabwerera kuphiri kuja, anapangitsa miyala yabodza yambirimbiri, ina yaikulu kuposa munthu, n'kujambula chigumukire chonse chikumuthamangitsa. Lero chigawo chimenecho ndicho chimene anthu amakumbukira mu filimu yonseyo. Kuseka kwa anthu ochepa m'chipinda chamdima kunamuuza kumene kuli nyama.

Thupi lake linalipira. Pojambula Sherlock Jr. mu 1924 anathamanga pamwamba pa mabogi a sitima n'kugwira paipi ya thanki imene ankamwetsera sitima za malasha. Madzi anatuluka ndi mphamvu kuposa mmene ankaganizira, anamugwetsera pa njanji, mutu n'kumenya chitsulo. Anadzuka n'kupitiriza kuthamanga, ndipo zimenezo zili mu filimu momwemo. Mutu unamupweteka kwa masiku angapo, iye n'kumagwirabe ntchito. Patapita zaka zoposa khumi dokotala wina atamujambula ndi makina a X-ray anamufunsa kuti khosi anathyoka liti. Mu The General, ya 1926, imene anakajambulira ku Cottage Grove m'chigawo cha Oregon, anayendetsa sitima yeniyeni pa mlatho woyaka moto n'kuigwetsera mumtsinje. Panalibe kubwereza. Zitsulo zake zinakhala mumtsinjemo mpaka nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene anazitola kukasungunula. Filimu imeneyi lero imawerengedwa pakati pa mafilimu abwino koposa amene anapangidwapo, koma itatuluka olemba nyuzipepala ambiri sanaikonde ndipo ndalama sizinabwerere monga ankayembekezera.

Ndiye pali khoma lija, mu Steamboat Bill, Jr. ya 1928. Mphepo yamkuntho ikuomba, iye waima mumsewu akudzisisita khosi, kumbuyo kwake khoma lonse la kumaso kwa nyumba yosanja lizuka n'kugwa. Apulumuka chifukwa waima ndendende pamene pafikira zenera lotsegula la m'chipinda chapamwamba. Khomalo linali lenileni, lolemera pafupifupi matani awiri, ndipo mpata pakati pa mapewa ake ndi mafelemu a zenera unali mainchesi ochepa chabe. Pamalo oti aimepo anakhomapo msomali. Mukaonera pang'onopang'ono muona kuti sakutsinzina n'komwe. Nthawi imeneyo n'kuti banja lake likugwedera ndipo studio yake ili pafupi kutsekedwa.

Schenck anamulangiza kuti alowe kampani yaikulu ya MGM. Anthabwala anzake Charlie Chaplin ndi Harold Lloyd anamuchenjeza kuti asapite, iye anapita, ndipo pambuyo pake ankanena poyera kuti pa zolakwa zonse za moyo wake ichi ndicho chinali chachikulu. Apa pali bodza limene limafala, loti Keaton anagwa chifukwa mafilimu anayamba kulankhula. Mawu ake anali abwino, okhuthala, a munthu amene wakhala pa siteji kuyambira ali mwana, ndipo mafilimu ake olankhula a ku MGM anapanga ndalama. Chimene anataya ndi ufulu. Ankalandira madola 3,000 pa sabata, koma gulu lake linamwazikana, sewero linkabwera lolembedwa kale ndi anthu a muofesi, chilichonse chofunika pojambula chinkayenera kupemphedwa pa pepala, ndipo zodumpha zoopsa anayamba kumuletsa poti anali katundu wodula wa kampani. Munthu amene nthabwala zake zinali m'miyendo anamupatsa nthabwala za pakamwa. Anamusandutsa chitsiru chopusa, pomwe munthu wa m'mafilimu ake akale sanali wopusa, anali wakhama amene dziko likumuvuta. Mafilimu ena ankawajambula kangapo, m'Chingerezi, kenako m'Chisipanishi, Chifalansa kapena Chijeremani, iye akuloweza mawu amene sakuwamva. Kenako anamuphatikiza ndi Jimmy Durante, wanthabwala waluso koma wolongolola osapuma, ndipo Keaton ankangooneka ngati mlendo m'nyumba yake yomwe.

Anayamba kumwa ngati bambo ake. Mu 1932 mkazi wake Natalie Talmadge anathetsa ukwati, anatenga ana awo aamuna awiri n'kuwasintha dzina kuti akhale a Talmadge, nyumba yaikulu ya ku Beverly Hills inapita. Mu 1933 Louis B. Mayer, bwana wa MGM, anamuchotsa ntchito. Mu 1934 khoti linalengeza kuti alibe chobwezera ngongole. Mu 1935 anagonekedwa m'chipatala atamumanga manja chifukwa cha mowa. Anali ndi zaka 40 zokha.

Ambiri akafika pamenepa amayamba kulira maliro, zaka 30 zotsalazo n'kuzipinda m'ndime imodzi. Ine pamenepa m'pamene ndimatchera khutu, ndipo ndinene chifukwa chake.

Bambo anga anali telala. Ndili mwana anali ndi shopu yawoyawo m'tauni, makina atatu, anyamata awiri owathandiza, ndipo ankasoka masuti a maukwati ndi mayunifolomu. Kaunjika atadzaza misika, anthu anasiya kusoketsa. Shopu inatsekedwa, makina awiri anagulitsidwa, ndipo bambo anatenga amene anatsala n'kukakhala nawo pakhonde la sitolo ya munthu wina. Ntchito yawo inasanduka kuchepetsa mathalauza a kaunjika yemweyo, kuika zipi, kuphatika zigamba. Ine ndinkachita manyazi. Pochokera kusukulu ndinkadzera njira ina kuti anzanga asawaone pakhonde paja. Chimene sindinkachiona nthawi imeneyo n'choti msoko wawo sunasinthe. Ankayeza kawiri asanadule, ankasita mpendero wa thalauza la kaunjika monga ankasitira suti ya mkwati, ndipo kasitomala akabwera kudzatenga ankalitembenuza kuti aone mkati. Sindinawamvepo akudandaula kuti ntchitoyo yawachepera. Anamwalira ndisanawauze kuti ndinali kulakwa.

Ndiye ndikaona Keaton wa pambuyo pa 1935, ndimaona munthu amene watenga makina ake n'kukakhala pakhonde. Anapanga mafilimu aafupi otchipa ku Educational Pictures, kenako ku Columbia, ojambulidwa m'masiku ochepa. Anabwerera ku MGM komwe kuja, kumene kale ankalandira madola 3,000, kukagwira ntchito yopekera ena nthabwala pa madola 100 pa sabata. Anapekera a Marx Brothers, anapekera Red Skelton, amene anagwiritsanso ntchito nzeru zambiri za m'mafilimu akale a Keaton. Ankathera nthawi ndi Lucille Ball, amene kampaniyo sinkadziwa chochita naye, akumuonetsa kagwiridwe ka zipangizo pa sewero, kuti chinthu uyenera kuchizolowera m'manja mpaka chikhale ngati chiwalo chako. Patapita zaka zochepa mayi ameneyu anakhala wanthabwala wotchuka koposa pa TV ya ku America.

Mu 1940 anakwatira Eleanor Norris, wovina amene anali wamng'ono kwa iye ndi zaka 23. Anadziwana pa masewera a makhadi. Anzawo ankati ukwatiwo sukhalitsa, koma unakhala mpaka imfa, ndipo mayiyu ndiye anamuthandiza kuugwira mowa pakhosi. Anaphunziranso sewero n'kumakwera naye pa siteji. Mu 1947 anapita ku Paris kukasewera ku Cirque Medrano, kumene anthu anali asanamuiwale, ndipo sewero lawo lokondedwa linali la mwamuna amene akuyesa kugoneka pabedi mkazi wake woledzera, thupi lili lendelende, akamukweza mutu miyendo igwa, akakweza miyendo mutu ugwa. Taganizani: mwana uja ankanyamulidwa ndi chogwirira cha sutikesi tsopano ndiye wonyamula, ndipo akunyamula mosamala.

Kenako kunabwera TV. Akuluakulu a mafilimu ankaiona ngati mdani ndiponso ngati kanthu kachabechabe, ndipo akatswiri ambiri ankakana kuonekerapo. Koma TV yoyambirira inali vaudeville imene yalowa m'bokosi. Mapulogalamu ankaulutsidwa pompopompo, oonera ali muholo, woimba akatha kubwera wanthabwala, ndipo amene anailamulira anali ana a vaudeville monga Milton Berle, Jack Benny, George Burns ndi Gracie Allen. Keaton anaikonda nthawi yomweyo. Mu Disembala 1949 anaonekera pa pulogalamu ya Ed Wynn, mnzake wa ku vaudeville, ndipo anasewera chiyani? Kandowa ka manyuchi kaja, ka tsiku lake loyamba pamaso pa kamera mu 1917. Anali ndi zaka 54, koma anagwa chagada monga kale, mwendo umodzi pa kauntala, winawo n'kuukwezanso, thupi lonse pansi. Chaka chomwecho James Agee anali atalemba nkhani yaitali m'magazini ya Life yokumbutsa anthu za anthabwala a mafilimu osalankhula, ndipo dzina la Keaton linayambanso kumveka.

Anapatsidwa pulogalamu yakeyake pa siteshoni ya KTTV ku Los Angeles, kenako ina yojambulidwa pa filimu. Sizinakhalitse, ndipo chifukwa chake n'chofunika kuchimvetsa. Ku vaudeville sewero limodzi linkadyetsa munthu zaka khumi. Pa TV dziko lonse limaliona usiku umodzi, sabata yamawa likufuna lina. Keaton, amene nthabwala iliyonse ankaimanga ngati makina, anaona kuti sangathe kupeka zatsopano zabwino sabata ndi sabata, ndipo sanafune kugulitsa zosapsa. Anasankha kumayenda ngati mlendo m'mapulogalamu a ena, ndipo anayenda kwambiri: kwa Ed Sullivan, m'masewero a pa TV, ku Candid Camera kuja, mu The Twilight Zone mu 1961. Anatsatsa malonda ambiri, mankhwala a m'mimba a Alka-Seltzer, mowa, magalimoto, maulendo a pa ndege. Muzionere zotsatsa zimenezo, zambiri zili pa intaneti. Nthawi yake ndi mphindi imodzi, malonda ndi a wina, koma kawerengedwe ka nthawi n'kake. Amadziwa pamene diso la woonera lili, amadikira kamphindi kamene wina aliyense akanafulumira, ndiye n'kugwa.

Mafilimu akuluakulu ankamuitana mwa apo ndi apo. Mu Sunset Boulevard ya 1950 akuoneka kamphindi, atakhala pa tebulo la makhadi pamodzi ndi akatswiri ena oiwalika a nthawi ya mafilimu osalankhula. Mu Limelight ya 1952 anasewera ndi Chaplin, ndipo aka kanali koyamba ndi komaliza awiriwa kuonekera limodzi mu filimu yaitali: nkhalamba ziwiri pa siteji, wina ndi vayolini, Keaton pa piyano akulimbana ndi mapepala a nyimbo amene akungotsetsereka. Anthu amakonda kukangana kuti anaposa mnzake ndani. Ine chimene ndimaona n'choti Chaplin, amene anasunga chuma chake ndi mafilimu ake akuluakulu, ankapanga filimu yolira ukalamba wa wanthabwala, pomwe Keaton, amene anataya zonse, anangobwera kudzagwira ntchito, mawa lake n'kupita kukagwira ina.

Mafilimu ake akale akanatha kutayika. Filimu ya nthawi imeneyo inkaola ndiponso inkagwira moto msanga, ndipo iye mwini ankaganiza kuti ambiri anapita kale. M'zaka za m'ma 1950 James Mason, wosewera m'mafilimu amene anagula nyumba ija ya ku Beverly Hills, anapeza zitini za mafilimu m'kachipinda kena, ndipo Raymond Rohauer anayamba kusonkhanitsa ena kuchokera kumayiko osiyanasiyana n'kumawaonetsanso. Mu 1957 kampani ya Paramount inapanga filimu ya moyo wake, Donald O'Connor akusewera ngati Keaton. Inali yodzaza ndi zopeka, koma ndalama zimene anamulipira anagulira nyumba ndi kamunda ku Woodland Hills, kumene ankaweta nkhuku ndi kuyendetsa tisitima tamasewera pa njanji imene anamanga yekha. Mu 1960 anamupatsa Oscar yaulemu. Mu 1965 ku chikondwerero cha mafilimu cha ku Venice anthu anaimirira n'kumuombera m'manja kwa mphindi zingapo, iye misozi ili m'maso.

Sindikufuna kunamizira kuti zonse za m'zaka zimenezi zinali zabwino. Mafilimu ena a achinyamata a kugombe la nyanja amene anaonekeramo mu 1964 ndi 1965 ndi opanda pake, ndipo zimandiwawa kuti munthu amene anagwetsa sitima mumtsinje sanapatsidwenso mpata wotsogolera filimu yaikulu kwa zaka zoposa 30. Dziko linataya zambiri pamenepo. Koma kutaya kwa dziko si chimodzimodzi ndi kunyozeka kwa munthu. Amene anagwira naye ntchito m'zaka zimenezi amasimba za mkulu wofika msanga, wokhala pakona ndi makhadi ake mpaka amuitane, amene ukamupatsa chipewa ndi mpando amakupezera njira zisanu zosekesera nazo anthu.

Pali kanema wina amene ndimabwererako kawirikawiri. Chakumapeto kwa 1964 bungwe la mafilimu la boma la Canada linamutenga kukapanga The Railrodder, filimu yaifupi imene iye akudutsa dziko lonselo, kuchokera kunyanja ya kum'mawa mpaka ya kumadzulo, pa kangolo ka injini koyenda pa njanji. Gulu lina linkajambula mmene ntchitoyo ikuyendera, ndipo m'menemo muli mkangano. Keaton akufuna kuti pamene kangoloko kakuwoloka mlatho wautali kwambiri pamwamba pa chigwa, iye atambasule mapu aakulu, mphepo iwakulunge kumaso kwake, awoloke osaona kutsogolo. Wotsogolera filimuyo, Gerald Potterton, mnyamata wamng'ono kwa iye ndi zaka zoposa 30, akuopa, akufuna achite zina zosaopsa. Keaton wakwiya. Sakukweza mawu, koma nkhope ija imene anthu amati siisintha yasintha, ndipo akudandaulira mkazi wake kuti iye amadziwa chimene chili choopsa ndi chimene sichili, wakhala akuchita zimenezi moyo wake wonse. Ali ndi zaka 69, akutsokomola, mpweya ukumuvuta. Pamapeto pake anamulola. Kangolo kakuyenda pamwamba pa mlatho, pansi pali phompho, ndipo pa kangolopo pali munthu woimirira atakutidwa ndi pepala, manja akupalasa kufuna potulukira.

Chaka chotsatira anapita ku Spain kukajambula filimu yake ina, A Funny Thing Happened on the Way to the Forum, akudwala kale khansa ya m'mapapo imene sanauzidwe dzina lake. Anamwalira kunyumba kwake ku Woodland Hills pa 1 Febuluwale 1966 ali ndi zaka 70. Dzulo lake anali akusewera makhadi ndi anzake. Eleanor anamuika m'manda ali ndi korona m'thumba limodzi, makhadi m'thumba linalo.